Masiku atatu ku Florence ndi ana a sukulu 22: yambani ndi kufufuta zina pa pepala lanu

Funso latipeza kuchokera kwa mphunzitsi wa History pa sekondale ina ku Blantyre. Akuti sukulu yomwe ali nayo pa ubale ku Italy yawaitana, ndipo mu April anyamuka ndi ana 22 a Fomu 3. Pa ulendowo awapatsa masiku atatu oti akaone mzinda wa Florence. Alemba malo 14 oti akafikeko, ndipo akufunsa kuti angawamalize bwanji onse ndi ndalama zochepa, komanso atani kuti ana asangobwerako ndi zithunzi za m'foni.

Aphunzitsi, ndakondwera nanu kwambiri. Ndayendapo ndi magulu a ana a sukulu mu mzinda umenewu kangapo, ndipo mawu anga oyamba mwina sakusangalatsani: malo 14 simuwamaliza, ndipo mukawamaliza ndiye kuti ana sanaone kanthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ulendo wanga woyamba ndinachita zomwe mukufuna kuchitazi. Ndinalowetsa ana m'myuziyamu ya Uffizi m'mawa, ndikuwakoka chipinda ndi chipinda kwa maola anayi, ine pakamwa posatseka. Titafika kumapeto ndinatembenuka n'kupeza theka la gulu lakhala pansi, misana itatsamira khoma, maso ali gwa. Madzulo nditafunsa mnyamata wina chomwe wakumbukira, anati mapazi akumuwawa. Sananame, ndipo wolakwa ndinali ine.

Ubwino wa Florence, womwe eni ake amautchula Firenze, ndi woti pakati pa mzinda m'pochepa. Kuchoka pa siteshoni ya sitima ya Santa Maria Novella kukafika pa tchalitchi chachikulu ndi mphindi khumi wapansi, ndipo kuchoka apo kukafika ku mtsinje wa Arno ndi mphindi khumi zinanso. Basi simuifuna. Chomwe chimatha msanga si mtunda koma maso ndi mitu ya ana. Lamulo langa ndi ili: chinthu chachikulu chimodzi m'mawa, chaching'ono chimodzi masana, nthawi yotsalayo muziyenda m'misewu.

Ndipo musananyamuke, apatseni ana funso limodzi loti akalinyamule masiku onse atatu: ichi analipira ndani, ndipo anachipanga ndi manja a yani? Mwana yemwe ali ndi funso m'mutu amayang'ana mosiyana ndi yemwe wangouzidwa kuti izi n'zotchuka. Florence analemera ndi nsalu za ubweya wa nkhosa ndi mabanki. Mu 1252 mzindawu unayamba kusula ndalama yakeyake ya golide, florin, yomwe amalonda ankailandira ku Ulaya konse. Bungwe la eni malonda a ubweya, Arte della Lana, ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira ntchito yomanga tchalitchi chachikulu. Banja la a Medici, lomwe dzina lake mudzalimva pa ngodya iliyonse, linayambira pa banki. Ana akagwira mfundo imeneyi, zithunzi ndi ziboliboli zimasiya kukhala zodabwitsa za azungu n'kukhala ntchito za anthu omwe ankalandira malipiro, kukangana ndi kuchitirana nsanje.

Popeza muli ku Blantyre, phunziro loyamba lichitikire komweko. Tengani ana mukaime nawo pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzire za zomangamanga, ndi amisiri akuno komweko omwe ankaumba ndi kuwotcha njerwa pamalopo. Afunseni kuti njerwa zomwe zili pamwamba pa mitu yawo zikukhala bwanji osagwa. Akakaima pansi pa denga lobulungira la tchalitchi chachikulu cha ku Florence, funsolo adzakhala atalidziwa kale.

Tsiku loyamba lonse ndikanalipereka ku tchalitchi chachikulu, Santa Maria del Fiore, chomwe aliyense amangoti Duomo. Anayamba kuchimanga mu 1296, ndipo anachipanga chachikulu mwakuti pamwamba pa guwa panatsala chibowo cha mamita pafupifupi 45 m'mimba mwake, popanda wodziwa momwe angachifolerere. Kale lonse, womanga denga lobulungira ankayamba wakhoma chimango cha matabwa, n'kuyala njerwa pamwamba pake, matope akauma n'kuchotsa matabwawo. Apa matabwa otalika ndi olimba chotero kunalibe kowapeza. Mu 1418 analengeza mpikisano, ndipo yemwe anapatsidwa ntchito, Filippo Brunelleschi, anali munthu wophunzira usula wa golide. Anamanga kuyambira 1420 mpaka 1436 popanda chimango chochokera pansi. Anamanga madenga awiri, lina m'kati mwa linzake, kuti kulemera kuchepe. Njerwa, zomwe akuti zilipo zoposa mamiliyoni anayi, anaziyala mwakuti pakadutsa zogona zingapo pamabwera yoimirira, mizere yake n'kumakwera mopendekera ngati minga ya pamsana pa chambo. Yoimirirayo imagwira zinzake kuti zisaterereke matope asanaume. Anapanganso makina okwezera katundu okokedwa ndi ng'ombe, okhala ndi giya yobwezera, kotero kuti ng'ombe zinkangoyenda mbali imodzi pamene katundu akukwera kapena kutsika.

Zonsezi mwana angaziwerenge m'buku. Koma mukakwera masitepe 463 opita pamwamba, mumadutsa pakati penipeni pa madenga awiriwo, m'kanjira kopanikiza komwe phewa limakhudza khoma, ndipo m'malo ena njerwa zija zili poyera. Paulendo wina mtsikana wina yemwe bambo ake ndi mmisiri womanga nyumba anaima pamenepo, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa njerwa yoimirira, kenako anayamba kufotokozera anzake chifukwa chake ili choncho, ine ndisanatsegule pakamwa. Anthu a m'mbuyo ankadikira, koma sindinamufulumizitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukwera dengali kumafuna tikiti ya nthawi yoikika, yogulidwiratu, ndipo mukachedwa malo anu apita. Chikepe kulibe. Funsani mwakachetechete ngati pali mwana wa mphumu, wa vuto la mtima kapena woopa malo opanikiza, ndipo mphunzitsi mmodzi atsale naye pansi popanda kumuchititsa manyazi. Nsanja ya mabelu ya Giotto yomwe ili pambali ili ndi masitepe 414. Musakwere zonse ziwiri. Kulowa m'tchalitchi mwenimwenimo n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, choncho atsikana atenge zitenje m'zikwama, zidzawathandizanso kukazizira.

Moyang'anana ndi khomo la tchalitchi pali nyumba yobatiziramo ya San Giovanni. Zitseko zonyezimira zomwe anthu amaunjikana kuzijambula, zotchedwa Zitseko za Paradizo, ndi zongofanizira. Zenizeni, zomwe Lorenzo Ghiberti anazigwira kuyambira 1425 mpaka 1452, zili m'myuziyamu ya Duomo kuseri kwa tchalitchi. Ana athu amadziwa Baibulo kuposa alendo ambiri omwe mudzakumane nawo, ndipo apa ndi pomwe amawala. Musawauze kanthu. Asiyeni apeze okha Adamu ndi Hava, Nowa, Yosefe ndi abale ake, Davide ndi Goliyati, Solomo ndi mfumukazi ya ku Seba. Kenako muwauze kuti mu 1401 Ghiberti yemweyu anapikisana ndi Brunelleschi pa ntchito ya zitseko zina za nyumba yomweyi, aliyense atasula chithunzi cha Abrahamu akupereka Isaki nsembe, ndipo Ghiberti ndi amene anatenga ntchitoyo. Zithunzi ziwirizo zili moyandikana m'myuziyamu ya Bargello. Mukapeza ola, aimikeni ana pamenepo avote okha. Mkangano wake umafika mpaka pa chakudya chamadzulo.

Tsiku lachiwiri m'mawa pitani ku Galleria dell'Accademia mukaone David, chiboliboli cha Davide wa m'Baibulo chomwe anasema Michelangelo. Pano ndilankhule za nkhani yomwe simunafunse koma idzakupezani. David ali mbulanda, ndipo si yekha. Mzinda wonse wadzaza ndi ziboliboli ndi zithunzi za anthu osavala. Uzani makolo pa msonkhano musananyamuke, ndipo kambiranani ndi ana m'kalasi, anyamata ndi atsikana ali pamodzi, kuti amisiri a nthawi imeneyo ankatsatira Agiriki ndi Aroma akale, ndipo thupi la munthu ankaliona ngati ntchito ya manja a Mulungu yoyenera kuiphunzira. Akaseka, aseke ku Blantyre. Ndaonapo gulu lomwe silinakonzekeretsedwe likuthera mphindi zake zonse m'kukodolana ndi kubisa nkhope.

Akakonzeka amaona zina. Michelangelo anali ndi zaka 26 pamene ankayamba ntchitoyi mu 1501, pa chimwala cha mabo chochokera ku Carrara chomwe amisiri ena awiri anachiyamba n'kuchisiya, chitakhala panja zaka zambiri. Anamaliza mu 1504. Chibolibolicho n'chotalika mamita asanu ndi pang'ono, ndipo kuchisamutsa kuchoka kuseri kwa Duomo kukafika pa bwalo la Piazza della Signoria kunatenga masiku anayi. Auzeni ana azungulire, ayang'ane mitsempha ya pa dzanja lamanja, gulaye yemwe wadutsa pamsana, ndi nkhope. Afunseni kuti Goliyati wagwa kale kapena ayi. Mutu wa Goliyati palibe. Mnyamatayo akuyeza mtunda, mwala sunaponyedwe. Anthu a ku Florence, mzinda waung'ono pakati pa adani amphamvu, ankadziona okha mwa iye, n'chifukwa chake anamuimika pakhomo la nyumba ya boma, Palazzo Vecchio. Anamulowetsa m'nyumba mu 1873, ndipo yemwe waima pabwalo lero ndi wongofanizira. Musathamangire kudutsa ziboliboli zinayi zosamaliza zomwe zili m'njira yopita kwa David, zotchedwa Akaidi. Pamenepo mabala a tchizulo akuonekabe, ndipo mwana amamvetsa kuti munthu anatuluka thukuta pa mwalawo.

Kuchoka apo ndi mphindi zochepa kufika pa malo omwe sali pa pepala lanu, koma ine ndikanawaika pamwamba pa ambiri mwa 14 aja: Ospedale degli Innocenti, nyumba yolerera ana otayidwa. Anaijambula ndi Brunelleschi yemweyo mu 1419, ndalama zinachokera ku bungwe la amalonda a silika, ndipo inalandira khanda loyamba mu 1445. Kumapeto kwa khonde kuli kazenera komwe mayi ankasiyapo mwana usiku osaonedwa. M'kati muli timadirowa tating'ono, ndipo mukatsegula kamodzi mumapeza theka la kandalama, theka la mendulo, kansalu, kamkanda. Mayi ankadula chinthucho pakati, theka n'kumangirira pa khanda, theka linalo n'kusunga, kuti zinthu zikadzayenda bwino adzamuzindikire mwana wake. Ambiri sanabwerere. Gulu lililonse lomwe ndalowa nalo m'chipinda chimenecho limakhala chete lokha. M'kalasi mwanu muli ana oleredwa ndi agogo kapena azakhali, ndipo amamva zomwe akuona popanda womasulira. Khalani nawo pafupi.

Uffizi ndaiika tsiku lachitatu m'mawa, kwa ola limodzi ndi theka basi. Dzinalo limangotanthauza maofesi, chifukwa Giorgio Vasari anayamba kuimanga mu 1560 kuti mukhale maofesi a boma la Cosimo I de' Medici. Sankhani zithunzi zisanu ndi chimodzi. Ine ndimayamba ndi zithunzi ziwiri za Maria, mayi wa Yesu, china chojambulidwa ndi Cimabue china ndi Giotto, zomwe zili m'chipinda chimodzi, kuti ana aone okha momwe thupi linayambira kukhala ndi kulemera ndi mawondo pansi pa nsalu. Kenako ziwiri za Botticelli, chimodzi cha Leonardo da Vinci, ndi Medusa wa Caravaggio, mutu wa tsitsi la njoka womwe anyamata sauiwala. Gawani ana atatuatatu kapena anayianayi, gulu lililonse likhale ndi chithunzi chake choti lidzafotokozere anzawo. Foni ikhale m'thumba mphindi zisanu zoyamba, pensulo ndi kope m'manja. Akatha kujambula pamanja, ngakhale moipa chotani, ajambule ndi foni. Pa nkhawa yanu ya zithunzi, njira yomwe yandithandiza ndi imeneyi. Ndipo atchulireni Anna Maria Luisa de' Medici, womaliza wa banja lolamulalo, yemwe mu 1737 anasayina pangano loti chuma chonsechi chisadzatuluke mu Florence. Popanda mayi ameneyu, zambiri zikanamwazikira m'nyumba za mafumu ena.

Zina zonse mudzazipeza poyenda, kwaulere. Pa Piazza della Signoria pali mwala wozungulira pansi wosonyeza pomwe mlaliki Girolamo Savonarola anapachikidwa ndi kuwotchedwa pa 23 May 1498, patangotha chaka anthu ake atawotcha magalasi, zovala ndi mabuku pa bwalo lomwelo. Mlatho wa Ponte Vecchio ndi wa mu 1345. Munali ogulitsa nyama mpaka 1593 pamene wolamulira anawachotsa chifukwa cha fungo n'kuikamo osula golide, ndipo ndi mlatho wokhawo mu mzindawu womwe asilikali a Germany sanauphulitse pothawa mu 1944. Ana akafunsa ngati Afrika ilipo m'mbiri imeneyi, ilipo: nthumwi za mpingo wa ku Ethiopia zinafika ku msonkhano waukulu wa mpingo ku Florence mu 1441, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amakhulupirira kuti mayi a Alessandro de' Medici, yemwe analamulira mzindawu mpaka kuphedwa kwake mu 1537, anali a mtundu wa ku Afrika.

Masana a tsiku lomaliza pitani ku Santa Croce, komwe kuli manda a Michelangelo, Galileo ndi Machiavelli. Pa makoma a dera limenelo auzeni ana akweze maso afunefune timiyala tolembedwa 4 Novembre 1966. Mzere womwe uli pamenepo ndi pomwe madzi a Arno analekeza, pamwamba kutali kuposa mutu wa munthu. Matope osakanikirana ndi mafuta analowa m'matchalitchi, m'nyumba za anthu ndi m'laibulale yaikulu ya dziko, ndipo mtanda wojambulidwa ndi Cimabue unasupuka utoto wambiri. Mudzauona ndi zipsera zake. Omwe anabwera kudzafukula mabuku m'matopemo, akupatsirana dzanja ndi dzanja, ambiri anali achinyamata ndi ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo anthu anawatcha angeli del fango, angelo a m'matope. Ana a ku Blantyre omwe anaona zomwe Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023 safunika kuwauza kuti matope ndi chiyani. Mukhale tcheru, chifukwa ena anataya abale. Musakakamize aliyense kulankhula.

Tsopano za ndalama ndi mapepala. M'myuziyamu za boma, monga Uffizi, Accademia ndi Bargello, mwana wosakwana zaka 18 amalowa ulere posatengera dziko lomwe wachokera, kungolipira kandalama kochepa kosungitsira nthawi. Pasipoti ndiyo umboni, ndipo onani zaka za aliyense, poti m'Fomu 3 simulephera wina yemwe wakwanitsa kale 18. Duomo, Santa Croce ndi Innocenti zili ndi mitengo yakeyake. Uffizi ndi Accademia satsegula Lolemba. Lamulungu loyamba la mwezi amalowetsa ulere aliyense, koma mzere wake ndi ana 22 musauyese. April ndi nyengo ya Pasaka ndi ya maulendo a sukulu za ku Italy komweko, choncho pemphani anzanu a sukulu ya kumeneko asungitse malo m'dzina la sukulu miyezi iwiri isanakwane. Viza ya Schengen, yomwe ndi yolowera ku Italy, yambani kuilondola tsopano: imafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000, kalata yokuitanani, ndi chilolezo cha makolo cha mwana aliyense. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndiye fufuzani msanga komwe mapepala akaperekedwe.

Chakudya chisakudyereni ndalama. Mukakhala pa tebulo m'lesitilanti amawonjezera coperto, ndalama ya mpando pa munthu aliyense, ndipo pafupi ndi Duomo mitengo ndi ya alendo. Masana gulani buledi, tchizi ndi zipatso ku msika wa Mercato Centrale kapena m'supamaketi. Buledi wa kumeneko alibe mchere, ana asaganize kuti wawonongeka. Ribollita ndi nyemba, masamba ndi buledi zophikidwa pamodzi, ndipo imakhutitsa mwana yemwe wayamba kulira nsima. Lampredotto, chomwe amagulitsa m'timagalimoto ta m'misewu, ndi chifu cha ng'ombe choika m'banzi; alendo ena amachita nacho nseru, athu amangoti zam'kati izi, n'kupempha china. Aliyense akhale ndi botolo, madzi a pampopi ndi abwino, ndipo pakhoma la Palazzo Vecchio pali mpopi waulere. Musadyere pa masitepe a matchalitchi, amaletsa. Ayisikirimu wawo, gelato, muikireni bajeti tsiku lililonse.

Opisa m'matumba alipo pa siteshoni, pa mlatho ndi m'mizere, choncho chikwama chikhale kutsogolo. Munthu akafuna kumanga kachingwe pa dzanja la mwana akuti ndi mphatso, mwanayo akane n'kupitirira. Zikwama ndi magalasi achinyengo zoyalidwa pansi asagule, chifukwa ku Italy wogulanso amalipitsidwa chindapusa. Mwana aliyense akhale ndi kakhadi kolembapo komwe mukugona, nambala yanu ndi 112, nambala ya ngozi. Gawani ana m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, lililonse ndi wamkulu wake, ndipo muziwerengana pochoka pamalo paliponse. Wosochera aime pomwe alipo kapena apite pakhomo la Duomo, lomwe denga lake limaoneka kuchokera m'misewu yambiri. Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba, misewu ndi ya miyala.

Pisa, kwa nsanja yopendekera kuja, yomwe mwailemba pa nambala 14, ichotseni. Ndi ola limodzi pa sitima kupita kokha, ndipo ingakudyereni theka la tsiku chifukwa cha chithunzi chimodzi. M'malo mwake, dzuwa likamapendeka tsiku lomaliza, wolokani Arno mukwere phiri mpaka Piazzale Michelangelo, kenako masitepe ena pang'ono kufika pa tchalitchi cha San Miniato al Monte, chomwe chakhala pamenepo zaka pafupifupi 1,000 ndipo amonke ake amaimba mapemphero a madzulo m'Chilatini. Pabwalo lake mzinda wonse uli pansi panu, ndipo ana amayamba kuloza okha: denga tinakwera lija, nsanja ija, mlatho uja. Akhazikeni pa kakhoma, atulutse makope, aliyense alembe tsamba limodzi kwa munthu wa kunyumba yemwe anathandiza kuti apite, m'Chichewa ngati akufuna. Muwauze atenge majuzi, chifukwa mu April dzuwa likangolowa pamwamba pamenepo pamazizira.